Wakhala Nambala Chani?

 Lero ndikufuna ticheze za ana a Sitandade 1, aja amene yunifolomu imawafika m'maondo chifukwa mayi anasoketsa yoti adzavalebe chaka chamawa.

Pali funso limene limamveka m'makomo ambiri tsiku lotsekera sukulu. Mwana wafika, miyendo mbuu ndi fumbi, kapepala kali m'manja. Asanamwe n'komwe madzi, funso lamugwera kale: "Wakhala nambala chani?" Akati nambala 3, ndiye kuti nkhuku ina sigona m'khola usiku umenewo. Akati nambala 87, nkhope za akuluakulu zimagwa, ndipo wina amaponya mawu: "Kusukuluko umangokasewera eti?" Mwana tikumufunsayu ali ndi zaka 6, mano akutsogolo angoguluka kumene.

Nambala 87 imeneyi ndaitenga kwathu, sindinaitole m'mwamba. Zaka zingapo zapitazo mchemwali wanga anandiimbira foni kuchokera kumudzi. "Achimwene, bwerani mudzamuone mphwanuyu. Mutu wake ngouma, chaka chatha sakutha kulemba ngakhale dzina lake." Kwathu kuno malume sathawa nkhani ya mbumba, choncho Loweruka lotsatira ndinakwera basi.

Ndinamupeza kuseri kwa khitchini, atakhala pansi chotambalala, akupinda waya. Ankapanga galimoto. Matayala anali zivindikiro za zitini za polishi wa nsapato, ndipo chiwongolero chinali waya wautali womufika pachifuwa. Nditachipotoza, matayala akutsogolo anakhotadi, onse awiri pamodzi. Ndinamufunsa kuti, "Mphwanga, unatani kuti waya wakutsogolo ndi wakumbuyo alingane chonchi?" Sanayankhe. Ndinabwereza mokweza, ndipo anatembenuza mutu n'kundilozetsa khutu lakumanzere. Kenaka anatola kaudzu kamene anakadula kale, n'kukaika pa waya wakutsogolo, n'kukaikanso pa wakumbuyo. Muyeso wake unali umenewo. Mwana woti mutu wake ngouma anali atadzipangira yekha rula.

Koma chimene chinandigwira mtima ndi kutembenuza mutu kuja. Nditayang'ana khutu lakumanja ndinaona mafinya ouma. Mayi ake anati limatuluka nthawi ndi nthawi kuyambira ali wamng'ono, ndipo ankangolipukuta ndi kansalu. M'kalasi mwake munali ana oposa 100. Iye, poti ndi wamanyazi, ankakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khomo, kumene phokoso la ana a kalasi yapansi pa mtengo limalowera. Aphunzitsi akamatchula maliwu a malembo kutsogoloko, kuti ili ndi "m" ili ndi "n", kwa iye zonse zinali mphepo. Chaka chathunthu ankangoyang'ana milomo ya anzake n'kumatsegula pakamwa nawo limodzi.

Aphunzitsi ake sindiwaimba mlandu. Inu amene muli ndi ana atatu pakhomo ndipo mumasokoneza mayina awo mukakwiya, tayerekezani muli ndi ana 100, wina akulira, wina wadzikodzera, wina walanda pensulo ya mnzake. Khutu la mwana wakumbuyo mungalione nthawi yanji? Mlandu ngati ulipo ndi wathu tonse, ine malume wake ndili momwemo, chifukwa chaka chonse tinkafunsa za nambala ndipo palibe anafunsapo kuti, "Kodi aphunzitsi akamalankhula umamva?"

Akuluakulu anzanga mukukumbukira mmene tinkayambira sukulu. Panalibe zoti chiphaso cha kubadwa. Ahedi ankangoti, pititsa dzanja pamwamba pa mutu ugwire khutu la mbali inayo. Ukaligwira, walowa. Ukalephera, bwerera ukakule. Masiku ano lamulo likuti zaka 6, ndipo umboni ndi chiphaso kapena kabuku ka kusikelo. Zasinthadi, koma ndimati ndikaganiza ndimaseka chamumtima: kale tinkaligwira khutulo kunja, lero sitiligwira n'komwe, ndipo nthawi zonse ziwiri palibe amene amasuzumira m'kati mwake.

Kuchuluka kwa ana m'kalasi kuli ndi mbiri yake. Mu 1994, boma la a Bakili Muluzi litangolowa, linathetsa fizi ya ku pulaimale. Ana amene ankaweta mbuzi ndi kulera makanda anakhamukira kusukulu, ndipo chiwerengero chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Chinali chinthu chabwino, ndipo ambiri mwa inu amene mukundimvera munadziwa kulemba kalata chifukwa cha chaka chimenecho. Koma zipinda sizinamere ngati bowa. Boma linalemba aphunzitsi zikwizikwi amene anangophunzitsidwa ntchito kwa masabata ochepa n'kupatsidwa choko. Kuyambira pamenepo takhala tikuthamangitsa chiwerengero cha ana, icho chili patsogolo ife pambuyo. Cholinga cha unduna wa zamaphunziro n'choti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60. Pitani ku Sitandade 1 ya pasukulu yakwanuko mukawerenge nokha.

Ndipo pali chizolowezi china chimene chimandidabwitsa. Pasukulu pakakhala chipinda chabwino, cha madesiki ndi zitseko, chimapita kwa a Sitandade 8. Mphunzitsi amene aliyense amamutama, amapitanso ku Sitandade 8. Chifukwa chake n'chodziwika: mayeso a MANEB ndiwo amatchukitsa kapena kunyazitsa sukulu, ndipo mayina a osankhidwa kupita ku sekondale ndiwo amakambidwa pamsika. Ana aang'ono amatsala ndi mtengo wa mango ndi bolodi lotsamiritsa. Mvula ikagwa, sukulu yathera pomwepo. Koma mmisiri aliyense womanga nyumba angakuuzeni kuti simenti yambiri imalowa pansi, kumene alendo saona. Ife timapaka penti padenga, maziko tikuumba ndi matope, kenaka n'kumadabwa kuti mwana wafika Sitandade 5 osatha kuwerenga chikwangwani cha pachigayo. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba, ndipo mwambiwu timakonda kuunena pamisonkhano ya makolo ndi aphunzitsi. Pogawa zipinda ndi pamene timauiwala.

Tsono mwana akamalowa pachipata cha sukulu tsiku loyamba, sabwera ndi mutu wokha. Amabwera ndi mimba, ndipo mimba ndiyo imayamba kulankhula. Kafukufuku wa zaumoyo amene ofesi ya National Statistical Office ya ku Zomba inachita mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka 5 anali opinimbira. Ana amenewa ndi omwe aja amadzakhala pansi m'Sitandade 1. M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zitapepuka, mwana amachoka pakhomo atangosukusula. Pofika 9 koloko mutu uli pamaondo. Ndiye chifukwa chake ine phala la kusukulu sindiliona ngati chithandizo chapambali, ndimaliwerengera pamodzi ndi mabuku. Bungwe la Mary's Meals, limene anayambitsa Magnus MacFarlane-Barrow wa ku Scotland, linayamba ntchito yake konkuno ku Malawi mu 2002 ndi ana okwana 200, ndipo lero likudyetsa ana m'maiko ambiri. Koma amene amaphika likuni phala uja, wa ufa wa chimanga ndi soya, ndi amayi a m'mudzi momwemo, amene amadzuka tambala woyamba, nkhuni pamutu, osalandira kanthu. Mukadzaona kamwana kakuthamangira kusukulu kapu yapulasitiki itamangidwa ndi chingwe m'khosi, musadzaseke. Kapu imeneyo yasunga ana ambiri m'kalasi kuposa chikwapu.

Amabweranso ndi lilime, ndipo apa m'pamene takhala tikusinthasintha maganizo ngati nyengo ya Chiperoni. Mu 1968 Chichewa chinakhazikitsidwa kukhala chiyankhulo cha dziko. Mu 1996 unduna unalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chiyankhulo cha kwawo. Lamulo la maphunziro la 2013 linabwera n'kunena kuti chiyankhulo chophunzitsira ndi Chingerezi. Taganizani za kamtsikana ka ku Makanjira ku Mangochi kamene kakula kakulankhula Chiyao chokhachokha, kapena kamnyamata ka ku Hewe ku Rumphi kamene maloto ake ndi a m'Chitumbuka, kapena ka ku Nsanje kolankhula Chisena. Tsiku loyamba kakumana ndi zachilendo zitatu nthawi imodzi: malembo, Chichewa ndi Chingerezi. Aphunzitsi anzeru amadziwa chochita, amatembenukira ku chiyankhulo cha mwanayo mwakachetechete kuti amve, kaya lamulo likuti chiyani. Ine ndili kumbali yawo. Chingerezi n'chofunika, palibe akukana, ine ndemwe chandidyetsa. Koma mwana amene waphunzira kulumikiza maphatikizo m'mawu amene amawadziwa kale, monga "agogo" ndi "nsima", wagwira kale chinsinsi cha kuwerenga, ndipo chinsinsi chimenecho amapita nacho ku chiyankhulo chilichonse. Ife akale tinayambira pa buku la Sosa, ndipo sizinatilepheretse kudzalemba makalata a Chingerezi m'maofesi.

Kutauni nkhaniyi yafika pena. Makolo amasankha sukulu pomvetsera ngati ana ake akulankhula Chizungu pachipata. Ndaonapo kamwana ka zaka 5 katanyamula chikwama cholemera ngati thumba la feteleza, kakufika pakhomo 4 koloko madzulo ndi homuweki ya masamba atatu, imene pamapeto pake amalemba ndi mayi ake kapena wantchito. Ndaonaponso ana a mkombaphala atavekedwa mikanjo ndi zisoti za omaliza maphunziro a ku yunivesite, makolo atalipira ndalama zojambulitsa zithunzi. Zimakongola ndithu pa Facebook. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kamwanako kakhoza kulakatula masiku a pasabata m'Chingerezi osapumira, koma ukakafunsa kuti mawa ndi lachingati, kamangokuyang'ana. Kumanga zingwe za nsapato sikatha. Kugawana chidole ndi mnzake sikatha. Taphunzitsa pakamwa, mwana yense tamusiya.

Tsopano ndifike pa mawu aja amene timawanena mokalipa, oti "umangosewera." Tiyeni tikhale pansi tionerere phada. Atsikana akumba kadzenje, aikamo timiyala. Wina aponya mwala m'mwamba, mwalawo usanagwe watulutsa timiyala m'dzenje, wauwakha. Auponyanso, wabweza tonse kusiyapo kamodzi. Akamaliza ulendo wa kamodzikamodzi ayamba wa tiwiritiwiri, kenaka titatutitatu. Omvera, kumeneko ndi kuchotsera ndi kugawa m'magulu, masamu enieni, ndipo akuwachita diso lili m'mwamba dzanja lili pansi. Zala zimene zikusankha timiyala mwachangu chonchija ndi zomwe mawa zidzagwire pensulo osanjenjemera. Akalakwitsa, anzake amakuwa kuti waphonya, iye n'kupereka mwala kwa wina, n'kudikira nthawi yake. Kuvomera kuti waphonya ndi kudikira nthawi yako, alipo akuluakulu ena m'maudindo amene phunziro limeneli linawadutsa.

Fulaye ndi chimodzimodzi: wapakati akuzinda mpira uku akuwerenga, oponya akupangana ndi maso. Bawo ali ndi maenje 32, mizere inayi ya maenje asanu ndi atatu, ndipo mwana wokhala pambali pa agogo ake akusewera amaphunzira kuwerengera patsogolo asanagwire njere. Masanje amaphunzitsa kugawana ntchito, wina atunge madzi, wina atole nkhuni, wina akhale bambo wongodikira nsima, poti ana amatengera zimene amaona. Nanga nthano zamadzulo? Agogo akati "Padangokhala", ana n'kuyankha "Tili tonse", mwana akuphunzira kutsata nkhani kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, kusunga m'mutu kuti Kalulu ananena chiyani kwa Njovu poyamba paja, ndi kulosera chimene chichitike. Luso limeneli ndi lomwe adzalifune pomva nkhani ya m'buku. Ndagi zimanola nzeru kuposa mafunso ambiri a pamayeso. Zonsezi tinali nazo kale, zaulere, ndipo tikuzitaya m'dzina la sukulu.

Chodabwitsa n'chakuti amene analemba silabasi ku Malawi Institute of Education ku Domasi ankazidziwa bwino zimenezi. Silabasi imene inayamba mu Sitandade 1 mu 2007 inapatula teremu yoyamba kuti ikhale yomuzoloweretsa mwana moyo wa kusukulu: kudziwana ndi anzake, kudziwa kumene kuli chimbudzi, kugwira pensulo, kuimba ndi kusewera. Inabweretsanso phunziro la Expressive Arts, lophatikiza nyimbo, magule, zisudzo, kujambula, kuumba, kusoka ndi masewera olimbitsa thupi. Papepala zili bwino kwambiri. Koma funsani mwana wanu kuti anaumba liti komaliza ng'ombe yadothi kusukulu. Nthawi ikachepa, phunziro loyamba kudyedwa ndi limeneli. Limasanduka nthawi yomalizitsa masamu, kapena yosesa pabwalo, kapena yoti aphunzitsi achonge makope, ana akuuzidwa kuti gonani pamadesiki, kumene kuli madesiki. Ndipo choseketsa china, m'makalasi apamwamba ana amakopera manotsi a za magule pabolodi, kuloweza kuti Tchopa ndi gule wa Alhomwe, Vimbuza ndi wa Atumbuka, Beni ndi wa Ayao, chiuno osachigwedeza ngakhale kamodzi.

Musandimve molakwa, sindikunyoza kuwerenga. Pulogalamu ya dziko lonse yolimbikitsa kuwerenga imene inayamba mu 2016 inabwera chifukwa vuto linalipo lenileni, ana ankakwera makalasi osadziwa malembo. Mabuku anafika, aphunzitsi anaphunzitsidwa njira ya maliwu ndi maphatikizo, ndipo n'zoyamikika. Ngakhale matabuleti amene ayamba kufika m'sukulu zina za boma, oti mwana avale zomvera m'makutu aziphunzira yekha kuwerenga ndi masamu, ine sindikudana nawo. Chimene ndikukana ndi maganizo oti kuwerenga kumakula pokhapokha tikadula zina zonse. Mlimi amene amafuna chimanga chokha n'kuzula nyemba, maungu ndi nandolo m'munda, amakolola nsima yopanda ndiwo, ndipo nthaka yake imaguga msanga.

Aphunzitsi amene ndimawavulira chipewa ndi aja amene amatha kuphatikiza zonsezi popanda ndalama. Ndinaonererapo mayi wina akuphunzitsa Sitandade 1 pansi pa mtengo. Analibe tchati ngakhale chimodzi chogula. M'thumba la shuga anali ndi zitsekerero za mabotolo, m'katoni munali timitengo tomangidwa khumikhumi ndi mphira. Pophunzitsa lembo la "o" anawaimiritsa ana onse n'kupanga bwalo, anawauza alembe m'mwamba ndi chala, kenaka pamsana pa mnzawo, ana akuseka poti zimanyerenyetsa, kenaka pamchenga, ndipo pomaliza penipeni m'pamene anatulutsa makope. Ku makoleji a aphunzitsi monga a Kasungu, Karonga, Machinga ndi Blantyre njira yogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalo imeneyi amaitcha TALULAR. Koma chimene ndinachiona mwa mayiyu sichinali cha m'buku. Atatsala pang'ono kuweruka anasinthanitsa malo, akumbuyo anabwera kutsogolo, ndipo anati amatero tsiku lililonse kuti pakutha pa sabata akhale ataona nkhope ya mwana aliyense pafupi. Ndinangoti mumtima, mphwanga uja akanagwera m'manja awa.

Nanga ife makolo, amene ambiri tilibe nthawi, ena sitinapite patali ndi sukulu? Ndimamva ena akuti, ine sindidziwa kuwerenga, ndingamuthandize bwanji mwana. Mayi, mukamutuma kuti akatenge tomato asanu n'kubweza awiri, mwaphunzitsa. Bambo, mukamulola agwire chingwe pamene mukuyeza mizere m'munda, mwaphunzitsa. Mukamufunsa kuti akufotokozereni zimene zachitika kusukulu, inu n'kumvetsera mpaka amalize osamudula, mwachita chimene mphunzitsi wa ana 100 sangathe ngakhale atafuna. Mungathenso kumunong'oneza kuchokera kumbuyo, mbali iyi kenaka mbali inayo, kuti muone ngati akumva. Mungamuloze chikwangwani chapatali kuti muone ngati satsinzinira maso. Azaumoyo akabwera kusukulu ndi mankhwala a likodzo ndi njoka za m'mimba, musamubise m'nyumba chifukwa cha mphekesera. Ndipo m'komiti ya sukulu, pamene mukukambirana za njerwa, wina aimirire afunse kuti chipinda chatsopanocho chikatha alowemo ndani.

Za mphwanga uja, tinapita naye kuchipatala, anamutsuka khutu n'kumupatsa mankhwala. Lakumanjalo silinabwerere mwakale kwenikweni, tinachedwa. Anabwereza Sitandade 1, ndipo mayi ake anakapempha kuti azikhala kutsogolo, khutu labwino litaloza kwa aphunzitsi. Pofika teremu yachiwiri anali akuwerenga zolembedwa pamatumba a feteleza ndi pazitseko za magolosale, mokweza, mpaka kutopetsa anthu panjira. Nambala 1 sanakhalepo, ndipo sindikuganiza kuti adzakhalapo.

Ulendo wapitawu nditapita kumudzi ndinamupeza pamthunzi wa okonza njinga pamsika, ataweruka kusukulu, akuwathandiza kulunga masipoko. Mwini malowo anandiuza kuti mnyamatayu akagwira gudumu lopindika amalizunguza kamodzi, n'kuika chala pamene pali vuto. Nditafika kunyumba mchemwali wanga anatulutsa kapepala ka teremu imeneyo m'Baibulo mmene amasungira, n'kundipatsa. Ndinakapinda n'kukaika m'thumba la malaya, ndipo ndinamuitana mphwangayo kuti ayambe wandionetsa mmene amadziwira sipoko yofunika kumanga.